Nkhongo ya Mtsogoleri

Msonkhano wa aphunzitsi unatha dzuwa litapendeka. Aphunzitsi aakulu anali atayankhula pafupifupi ola lathunthu, kufotokoza ganizo lawo loti ana a Sitandade 8 aziyamba maphunziro 6 koloko m'mawa pokonzekera mayeso. Atamaliza anavula magalasi, n'kuyang'ana uku ndi uku. "Alipo ali ndi funso?" Kunali zii. Wina ankapinda ngodya ya kope lake, wina maso ali pa nsapato. "Ndiye kuti tagwirizana." Tonse tinayankhira pamodzi kuti, "Tamva, bwana."

Msonkhano weniweni unakachitikira panja, patsinde pa mtengo wa mango pomwe tinkayedzeka njinga. Mayi wina, yemwe anali mkhalakale pasukulupo, anati ana a kutsidya kwa mtsinje sangafike nthawi imeneyo m'dzinja, chifukwa palibe kholo lingalole mwana kuwoloka kusanache madzi atadzaza. Wina anati atsikana ambiri amayamba atunga madzi ndi kusesa pabwalo asananyamuke. Zonsezi zinali zoona, ndipo n'zimene aphunzitsi aakulu ankafunika kumva. Sanazimve. Anapita kwawo mtima uli m'malo, akudziwerengera m'gulu la atsogoleri ofunsa anzawo maganizo.

Bambo amenewa sanali munthu woipa. Ankagulira ana amasiye mayunifolomu ndi ndalama za m'thumba mwawo. Koma anali ndi chizolowezi chimodzi: munthu akayamba kuwatsutsa, ankamudula mawu asanathe, n'kumuyankha motalika pamaso pa anzake, uku akumutchula dzina mobwerezabwereza. Ukachitidwa zotere kamodzi, kachiwiri umangoti tamva. Aliyense pasukulupo ankalidziwa khalidwe limeneli kupatula mwiniwake.

Masiku ano maphunziro a utsogoleri ali paliponse, m'mahotela a kunyanja, m'maholo a mipingo, ngakhale pa wailesi, ndipo pafupifupi onse amayamba ndi lamulo limodzi lakuti udzidziwe. Lamuloli ndi labwino. Chomwe sichikambidwa mokwanira n'chakuti munthu amadzidziwa bwanji, makamaka akakhala pampando woti anthu amamuwopa.

M'chaka cha 1955 akatswiri awiri a za maganizo ku America, Joseph Luft ndi Harrington Ingham, anajambula chithunzi cha zenera la magawo anayi, n'kulitcha Johari pophatikiza mayina awo oyamba. Gawo lina ndi zomwe iwe ukudziwa za iwe mwini ndipo anzako akuzidziwanso. Lina ndi zomwe umabisa. Lina ndi zomwe palibe akuzidziwa, iwe kapena iwo. Koma gawo lomwe limagwetsa atsogoleri ndi ili: zomwe anzako onse akuziona pa iwe koma iwe sukuziona. Ine ndimalitcha nkhongo. Ukakhala pampando wa ometa, sungadziwe ngati akulakwitsa kumbuyo mpaka wometayo atenge kalilole wachiwiri n'kukuonetsa. Ungadziyang'anitsitse chotani pa kalilole wakutsogolo, nkhongo siioneka. Kudula anthu pakamwa kwa aphunzitsi aakulu aja kunali pankhongo.

Apa ndi pomwe malangizo akuti khala pansi udzisanthule amaperewera. Kudzisanthula kumathandiza kudziwa zomwe umakonda, zomwe zimakupsetsa mtima ndi zomwe sungalole ngakhale atakulonjeza chiyani. Koma maganizo a munthu ali ngati mboni yomwe ndi m'bale wake wa woimbidwa mlandu. Mu 1999 David Dunning ndi Justin Kruger a pa yunivesite ya Cornell anapatsa ophunzira mayeso a galamala, a kaganizidwe kolongosoka ndi a kuzindikira nthabwala, kenako n'kuwafunsa kuti akudziona kuti akhoza bwanji poyerekeza ndi anzawo. Omwe anali kumchira kwenikweni ankadziika pamwamba pa theka la gulu. Luso lomwe linkawasowa kuti akhoze ndi lomwelo linkafunika kuti azindikire kuti sanakhoze. Tasha Eurich, yemwe analemba buku la Insight mu 2017, anapeza kuti anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse amakhulupirira kuti amadzidziwa, pomwe omwe anakwanitsa miyeso yake anali pakati pa 10 ndi 15 okha. Iye anasiyanitsa kudzidziwa kwa m'kati ndi kudziwa mmene ena amakuonera, ndipo anaona kuti ziwirizi siziyendera limodzi: munthu atha kukhala wosinkhasinkha kwambiri, wolemba m'kabuku usiku uliwonse, koma osadziwa n'komwe kuti antchito ake amasiya kuseka iye akalowa.

Nanga mayeso a chikhalidwe cha munthu, omwe amadzaza tsiku loyamba la maphunziro ambiri? Otchuka kwambiri ndi a Myers-Briggs, omwe anakonzedwa ndi Katharine Cook Briggs ndi mwana wake Isabel Briggs Myers potengera maganizo a Carl Jung a mu 1921. Umayankha mafunso, n'kupatsidwa zilembo zinayi zokuika m'gulu limodzi mwa magulu 16. Anthu amawakonda chifukwa palibe gulu loipa, aliyense amatuluka akumwetulira. Vuto lake n'lakuti amadula anthu pakati ngati mukugawa nkhuku, uyu womasuka uyu wodzisunga, chikhalirecho ambiri a ife tili pakatikati, ndipo anthu ochuluka akabwereza mayesowo patapita milungu ingapo amagwera m'gulu lina. Ofufuza ambiri amadalira kwambiri muyeso wotchedwa Big Five, womwe suika munthu m'bokosi koma umaonetsa kuti ali pati pa mbali zisanu: kukonda zatsopano, kuchita zinthu mwadongosolo, kumasuka pagulu, kumvana ndi anthu, ndi kutekeseka msanga.

Ngakhale muyeso umenewu unabadwira m'mawu a Chingerezi ofotokoza makhalidwe. Ofufuza a ku South Africa atafuna kupanga wawo, wotchedwa South African Personality Inventory, anafunsa anthu m'zilankhulo 11 za dzikolo kuti afotokoze anthu omwe amawadziwa bwino. Zomwe zinatuluka mobwerezabwereza, makamaka m'zilankhulo za Chibantu, zinali za kakhalidwe ka munthu ndi anzake: kodi amayanjanitsa anthu, kodi amalangiza, kodi ali ndi chifundo. Ife izi sizitidabwitsa. Tikamafotokoza munthu timati ndi wokhala bwino ndi anthu, ndi wamtima wapachala, ndi wosamva zamnzake, ndi wakumva zam'maluwa. Chikhalidwe cha munthu timachiyeza ndi zomwe zimachitika pakati pa iye ndi anzake. Tikafuna kunena choipitsitsa timati uja si munthu.

Sindikunena kuti mayesowa atayidwe. Ali ndi ntchito yake, yomwe ndi kupatsa gulu mawu oyambira kukambirana popanda kulozana chala. Amathandizanso kuchotsa bodza lakuti mtsogoleri ayenera kukhala wolongolola. Mu 2011 Adam Grant, Francesca Gino ndi David Hofmann anafufuza masitolo ogulitsa pizza ku America n'kupeza kuti komwe antchito anali okonda kubweretsa maganizo awo, masitolo otsogoleredwa ndi anthu ofatsa ndiwo ankapeza phindu lochuluka, pomwe atsogoleri omasuka ankachita bwino ndi antchito odikira kuuzidwa. Choncho funso kwa mtsogoleri lili pawiri, ndine wotani, ndipo anthu anga ndi otani. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi munthu wotenga zotsatira za mayeso ngati chiphaso. "Ine ndinabadwa choncho, ndimanena chilungamo mosapsatira." Mawu amenewa ndawamva kangapo kuchokera kwa anthu omwe asiya misozi m'maofesi mwawo. Kudziwa chibadwa chako kuyenera kukuuza pomwe ufunika kudzimanga lamba.

Tsono mpando umabwera ndi vuto lakelake. Tsiku lomwe munthu wakwezedwa, anthu omwe dzulo ankamuuza kuti malaya ako ang'ambika amayamba kuyamikira malayawo. Nkhani zoipa zimachedwa kufika, ndipo zikamafika zimakhala zitasendedwa. Ngozi yoopsa kwambiri m'mbiri ya ndege imaonetsa mtengo wa zimenezi. Pa 27 Malichi 1977, pabwalo la ndege la Los Rodeos pachilumba cha Tenerife, panali nkhungu yoti sungaone patali. Ndege ziwiri zikuluzikulu za Boeing 747, ina ya KLM ina ya Pan Am, zinali pamsewu umodzi wonyamukira. Woyendetsa wamkulu wa ya KLM, Jacob Veldhuyzen van Zanten, anali mkulu wophunzitsa anzake kuyendetsa ndege za mtunduwu, munthu yemwe nkhope yake kampaniyo inkaika pa zithunzi zotsatsa malonda. Anayamba kuthamangitsa ndege asanapatsidwe chilolezo chonyamukira. Injiniya wa m'ndegemo, atamva zokambirana pa wailesi, anafunsa ngati ndege ya Pan Am inali itachokadi panjira. Mkuluyo anayankha motsimikiza kuti yachoka, ndipo funso silinabwerezedwe. Anthu 583 anafa.

Injiniya uja anaona choonadi, ndipo anachinena, koma anachinena ngati funso, kwa munthu wosazolowera kutsutsidwa. Ngozi imeneyi ndi zina za zaka zomwezo zinachititsa kuti makampani a ndege ayambe kuphunzitsa oyendetsa njira yatsopano yogwirira ntchito limodzi. Wamng'ono amaphunzitsidwa kunena nkhawa yake momveka ndi kuibwereza mpaka itayankhidwa. Wamkulu amaphunzitsidwa kupempha yekha, ulendo usanayambe, kuti aliyense akaona cholakwika anene. Taonani kuti sanadikire kuti oyendetsa ndege asinthe chibadwa. Anakonza njira yoti mawu azidutsamo.

Zofanana ndi izi anazipeza Amy Edmondson wa ku Harvard m'zipatala, m'zaka za m'ma 1990. Ankayembekeza kuti magulu a anamwino otsogoleredwa bwino apezeka ndi zolakwa zochepa pa kaperekedwe ka mankhwala. Anadabwa kuona kuti ndiwo anali ndi zolakwa zambiri m'mabuku. Atafufuza anapeza kuti kusiyana kunali pa kuulula: kumene mkulu wa wodi anali waukali, zolakwa zinkabisidwa. Aliyense yemwe anagwirapo ntchito pansi pa bwana wokalipa amadziwa mmene lipoti loyera limalembedwera.

Kwathu kuno tili ndi chitsanzo chathu, ndipo n'chowawa. Malawi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Miyezi iwiri isanathe, nduna za boma zinakhala pansi ndi Dr Hastings Kamuzu Banda n'kumuuza madandaulo awo: ndalama ya tiki yomwe odwala ankayenera kulipira kuchipatala, kuchedwa kopereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi omwe ankalamulira Mozambique. Pansi pa zonsezi panali chilonda china, kachitidwe kake ndi iwo, kuphatikizapo kuwatcha anyamata ake pamaso pa anthu. Mu Sepitembala Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere anatula pansi maudindo. Olemba mbiri amasiyana pa za yemwe ankanena zoona pa mfundo iliyonse, ndipo nkhaniyo inali ndi mizu yambiri ya ndale. Koma chotsatira chimodzi n'chosatsutsika: anthu omwe akanatha kuuza mtsogoleri mawu owawa maso ndi maso anachoka pakhomo, ndipo otsala anaphunzira phunziro. Panadutsa zaka pafupifupi 28 kuti mawu otere amvekenso poyera m'dziko muno, pomwe kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992.

Ena amati vuto ndi mwambo wathu waulemu, woti wamng'ono sayang'ana wamkulu m'maso. Ine ndimaona kuti akuona theka la nkhani. Makolo ankadziwa bwino kuti mfumu singauzidwe zoona ndi aliyense, n'chifukwa chake anaika anthu oti ntchito yawo ikhale imeneyo. Mfumu ya Achewa imasankhidwa ndi mbumba, ndipo polongedwa imakhazikidwa pansi n'kulangizidwa ndi akuluakulu, amuna ndi amayi omwe, za mkwiyo, za mowa, za akazi a eni, za kukondera poweruza. Ikamalamula, nduna zili pambali pake, ndipo pali mawu omwe nduna imanena usiku kuseri omwe singanene pabwalo. Banja lili ndi ankhoswe. Msuweni ali ndi ufulu wokunena mwanthabwala zomwe mlongo wako sangayerekeze. Mwambi umati wakutsina khutu ndi mnansi. Ofesi yamakono inatengera ulemu wa mfumu, kuwomba m'manja ndi kuti bwana, koma nduna ndi ankhoswe inawasiya kumudzi.

Sindikufuna kukometsa zakale mopitirira. Pabwalo lomwelo achinyamata ndi obwera nthawi zambiri analibe pakamwa, ndipo mafumu osamva analipo, alipobe. Koma nzeru yoti wolamula ayenera kukhala ndi womutsina khutu wodziwika, wololedwa, wosaopa kuchotsedwa, ndi yathu ndithu. Nelson Mandela anafotokoza m'buku la moyo wake kuti utsogoleri anauphunzira ali mnyamata ku Mqhekezweni, poonerera Jongintaba Dalindyebo, yemwe ankagwirizira ufumu wa Athembu. Pamisonkhano anthu ankayankhula mmodzimmodzi, ena akudzudzula mfumuyo mwamphamvu, iyo ili chete kumvetsera, ndipo inkayankhula pomaliza.

Kuyankhula pomaliza ndi luso looneka laling'ono koma limasintha msonkhano wonse. Wamkulu akayamba ndiye kunena maganizo ake, otsatira amangomanga pa maziko omwewo, chifukwa kunena zosiyana tsopano kwasanduka kutsutsa bwana. Akayamba wafunsa wamng'ono kwambiri m'chipindamo, n'kumakwera, amamva zinthu zomwe sakanazimva. Kafunsidwe nakonso n'kofunika. Funso lakuti alipo ali ndi vuto limayankhidwa ndi chete. Funso lakuti "ganizo limeneli likakanika, chidzakhale chalikanikitsa n'chiyani?" limapatsa munthu chilolezo chonena choipa popanda kuoneka wamwano. Ndipo mtsogoleri wofuna kuona nkhongo yake asafunse kuti kodi ndimatsogolera bwino, chifukwa yankho lake ndi eya basi. Afunse munthu mmodzi, ali awiri, kuti, "Ndi chinthu chimodzi chiti chomwe ndimachita pamsonkhano chomwe chimakuvutani?" Akamva yankho, ntchito yake ndi kuthokoza n'kutseka pakamwa. Akangoyamba kudziteteza, khomo limenelo latsekeka, ndipo anthu ena onse amva pofika mawa kuti latsekeka.

Makampani aakulu amachita izi ndi mapepala osalemba dzina, momwe bwana amayezedwa ndi omuyang'anira, anzake ndi omwe ali pansi pake. Njirayi imathandiza pagulu lalikulu. Paofesi ya anthu asanu aliyense amadziwa kalembedwe ka mnzake, ndipo mantha amakhala pomwepo.

Kudzudzula ena nako kuli ndi msampha wake. Mu 1996 Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri wokhudza kuuza anthu mmene agwirira ntchito, n'kupeza kuti pa maulendo opitirira umodzi mwa atatu alionse, ntchito inaipiraipira munthu atauzidwa. Zinkaipa makamaka pomwe mawuwo ankachotsa maganizo a munthu pa ntchito n'kuwaika pa iye mwini. Kuuza kalaliki kuti lipoti ili lasowa ziwerengero za mwezi wa Juni ndi kumupatsa chochita. Kumuuza kuti ndiwe waulesi ngati anzako aja ndi kumupatsa chilonda choti azinyambita sabata yonse. Amayi a m'mabanki a m'khonde ambiri amalidziwa bwino luso limeneli. Wapampando wanzeru satchula wangongole pagulu tsiku loyamba. Amadutsa kunyumba kwake madzulo, amafunsa za ana, amamva kaye kuti geni yagwa bwanji, kenako amagwirizana tsiku.

Daniel Goleman ndiye anatchukitsa nkhani zonsezi ndi buku lake la Emotional Intelligence mu 1995, potengera ntchito ya Peter Salovey ndi John Mayer ya mu 1990. Anati kudzidziwa ndi maziko, ndipo pamwamba pake pamakhala kudzigwira, kumva za mnzako ndi kukhala bwino ndi anthu. Ofufuza ena amati iye anakokomeza mphamvu ya zimenezi ndipo kuziyeza n'kovuta, ndipo pa mfundoyi ali ndi chonena. Koma dongosolo lake ndi lomveka. Munthu yemwe sadziwa kuti njala ya masana imamusandutsa wolusa sangaganize zosuntha nkhani yovuta kuti ikambidwe m'mawa. Wosadziwa kuti amachita nsanje ndi wachinyamata wophunzira kuposa iye amangoona ngati mnyamatayo ndi wamwano. Kudzigwira kumayambira pa kutha kutchula dzina la chomwe chikukuchitikira m'chifuwa, chisanafike pa lilime.

Pali chenjezo limodzi lomwe sindingalisiye. Luso lokhala ndi anthu lingathe kukhala chida cha kathyali. Tonse tikuwadziwa anthu okumbukira dzina la mwana wako, ofika msanga pamaliro, odziwa nthawi yogwira phewa, koma zonsezo ali ndi chomwe akusaka. Maphunziro ophunzitsa kumwetulira ndi kuyang'ana m'maso popanda kufunsa kuti ukuwafuniranji anthuwa amangonola mpeni. Anthu sachedwa kusiyanitsa womvetsera kuti amve ndi womvetsera kuti apeze pogwira. Chomwe amayang'ana n'chakuti, atanena, chinasintha n'chiyani.

Pasukulu paja, ganizo la 6 koloko linayenda milungu itatu, makalasi ali theka. Tsiku lina mayi wamkulu uja anadikira kuti onse aweruke, n'kukagogoda ku ofesi. Anatiuza pambuyo pake kuti anayamba ndi kufunsa za amayi a kunyumba omwe ankadwala, kenako anati, "Achimwene, ndabwera ngati mlongo wanu, osati ngati mphunzitsi. Mundilole ndimalize ndisanayankhidwe." Anawauza za mtsinje, n'kuwauzanso chifukwa chomwe palibe ananena za mtsinjewo pamsonkhano. Aphunzitsi aakulu akuti anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Kodi ndimatero?"

Nthawi inasinthidwa kukhala 7 koloko. Pamsonkhano wotsatira mphunzitsi wina wachinyamata anayamba kunena za kuchepa kwa choko, ndipo asanafike pakati aphunzitsi aakulu anali atalowerera kale, mawu akukwera. Anayankhula ziganizo ziwiri, n'kuima. Anayang'ana kwa mayi uja, yemwe maso ake anali pa kope. Anavula magalasi n'kuwaika patebulo. "Pepani aphunzitsi," anatero. "Malizani."